Msomali Watsopano wa Chikwangwani Chathu

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Khoti la Boma Lathu,

Bwana, ndagwada pokudziwitsani nkhani yaikulu: msomali wogwira chikwangwani chofiira cha pachipata cha mudzi wathu wa Baishiwan wasinthidwa. Wakale unachita dzimbiri. Chikwangwani chija munatipatsa, cholembedwa kuti "Mudzi Wopanda Milandu", tsopano chili nganganga, chaka chachisanu ndi chimodzi.

Ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, pondiphunzitsa malamulo. Ndinataya zaka zinayi ku yunivesite ndikuloweza kuti munthu akalandidwa munda amakasuma. Kalaliki wanu anandiwongola msangamsanga: mlandu umabadwa ukadindidwa, chidindo chili m'kabati, kiyi ali ndi bambo wina amene ali kumsonkhano. Ndabwera kasanu. Koma msonkhano umenewo, bwana, ndi wautali!

Chachiwiri, potitumizira alendo. A Tao Defu, mlamu wa mlembi wa mudzi, atasuntha malire n'kumeza munda wa mapichesi wa amayi anga, kunabwera oyanjanitsa atatu. Anakhala pakhomo pathu masiku asanu ndi anayi, kumwa tiyi wathu, kulavula makoko a nthanga za mpendadzuwa, kukumbutsa amayi kuti makolo ankati kusuma n'kochititsa manyazi, ndiponso kuti chikwangwani chikatsitsidwa, mudzi wonse udzadziwa wochititsa. Kwa a Tao sanapondeko. Akuti galu wawo ndi wolusa.

Chachitatu ndi chopepesa. Makolo omwewo anatisiyira lamulo ngati ndodo ya m'manja mwa wolamula, yowongolera ife apansi. Ine, ndi kasukulu kangaka, ndinapusa n'kumayembekezera kuti ndodo ingamenye dzanja loigwira. Mundikhululukire.

Mtendere wabwerera ndithu. Tsiku lomaliza amayi anaviika chala mu inki yofiira n'kudinda pepala la mgwirizano. Mitengo makumi anayi imene malemu bambo anabzala inadulidwa Lachiwiri. Amayi sanalire. Angoti popita kumsika azizungulira njira ya kumanda, yotalika kawiri, kuti asaone zitsa.

Kapempho kanga n'kamodzi. Mukabwera mwezi wamawa kudzajambulitsa pansi pa chikwangwani, chonde amayi musawaimike kutsogolo kuti amwetulire. Muimike ine. Amayi sadziwa kuwerenga. Pepala lija ndinawawerengera ndine, ndipo chala chawo ndine ndinachigwira n'kuchitsitsira papepalapo.

Ine kapolo wanu wopanda mlandu,
Kuang Zhiyuan