Ulaliki Umene Unandigwetsa M'matope a Mpunga

Mpaka lero ndikadutsa pa Chia pali nkhalamba zina zimene zimandipatsa moni wakuti, "Muli bwanji Osankhidwa?" Ndimayankha mwaulemu, koma manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Dziko lino linali likadali Nyasalande. Ndinali mphunzitsi wachinyamata wa mishoni, ndipo Lamulungu ndinkatsogolera mapemphero, poti ansembe athu ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Kota Kota. Chaka china ndinagonekedwa m'chipatala ndi chilonda cha pamwendo. Pabedi loyandikana ndi langa panagona mkulu wina wa mpingo wa Adatchi, wochokera kumapiri. Mwendo wawo unali wothyoka, koma pakamwa panali pabwinobwino. Iwowa ndiwo anandiphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu anthu ake dziko lisanalengedwe. Ananditsegulira mavesi a Paulo, ine n'kumangogwedeza mutu (chinandikomera kwambiri n'chakuti ndinadziona ndili m'gulu la osankhidwawo, cha kutsogolo ndithu).

Nditabwerera kumudzi ndinalalikira zimenezi, kachigawo kokha kamene ndinatolako. Nditamaliza, a Barnaba, msodzi amene ankakonda kuwodzera kumbuyo, anaimirira.

"Aphunzitsi, ndiye kuti nkhani inatha kale?"

"Inatha kale, bambo."

"Tibwere, tisabwere, n'chimodzimodzi?"

Apa ndikanangonena kuti sindikudziwa. Koma ndinali nditavala jekete, anthu onse maso ali pa ine. "N'chimodzimodzi," ndinatero.

Inali nyengo imene mpunga umacha, mbalame zikuvutitsa m'minda. Lamulungu lotsatira ndinaliza belu mpaka mkono kuwawa. Munalowa a Mariamu okha, mayi wamasiye, kenako mbuzi. Ndipo tsiku limenelo ndi limene ansembe analonjeza kudzachita Misa.

A Saidi, Msilamu amene ankasoka ukonde pafupi ndi tchalitchi, anandifunsa modekha, "Ifenso timakhulupirira kuti zonse zinalembedwa, komatu ku mzikiti timapitabe. Inu mwawauza bwanji anthu anuwa?"

Ndinangouyamba wa kudambo, jekete ili pathupi. Ndinapeza mpingo wonse uli kumeneko, kukuwiza mbalame. Ndinaima pa kanjira kopyapyala ka pakati pa minda n'kuyamba kufuula kuti sanandimvetse, abwerere msanga. Ndikutambasula dzanja kuti mawu amveke mphamvu, phazi linaterereka. Ndinamira mpaka m'chiuno. Poyesa kudzizula ndinagwa chafufumimba, ndipo nsapato imodzi inatsalira pansi (ikadali komweko, ngati wina angaifune).

A Barnaba anabwera osafulumira, anandiyang'ana, nati, "Musadandaule aphunzitsi. Zinakonzedwa kale izi, dziko lisanalengedwe."

Anthu anaseka mpaka mbalame zonse kuthawa. Anandizula, kenako ananditsatira onse kuti akaone zimene ansembe akandichite. Tchalitchi chinadzaza kuposa pa Khirisimasi.

Tinapeza ansembe atafika kale, njinga ataitsamiritsa pakhoma, atakhala pamphasa ndi a Mariamu. Mayiwo anali kulira. Mwana wawo wamwamuna anamira m'nyanja chaka chapitacho, ndipo asanamwalire anali atasiya kupemphera. Chilalikirire changa chija mayiwa sanaone tulo. Ine ndinali ndisanaganizeko n'komwe kuti m'tchalitchimo muli munthu amene angamve mawu anga akuganiza za manda.

"Nanga mwana wanga, abambo?" anafunsa a Mariamu. "Anasiyidwa?"

Kuseka kuja kunatheratu. Ansembe anati, "Mayi, zimenezo sindinazione, ndipo aphunzitsiwanso sanazione. Chimene ndikudziwa n'chakuti wosankhayo ndi yemwe uja anatifera pamtanda. Mwana wanu ali m'manja amenewo."

Ine sanandidzudzule. Anangondipatsa Baibulo kuti ndiwerenge mawu a tsikulo momwe ndinalirimo, matope akuuma kumaso, phazi limodzi lili pansi.

Mavesi aja ndawawerenga kambirimbiri kuchokera pamenepo, ndipo sindinawafike pansi. Masiku ano munthu akandifunsa za chisankho cha Mulungu, ndimayamba ndamuyang'ana, n'kudzifunsa kuti kodi anaika ndani m'manda. Pa nkhani imeneyi yokha ndiye ndinaphunzira kudekha. Pa zina zonse ndimayankhabe funso lisanathe, akazi anga angakuuzeni.