Galimoto ya ku Joni m'makande a kwa Chiringa

Mkazi wanga anandiletsa kufotokoza nkhani iyi pamaso pa ana, ndiye ndaganiza zongoilemba (ana athuwo sawerenga chinthu chopanda zithunzi). Ndi ya tsiku limene ndinapita kukaonekera kwa makolo ake. Ndinanyamuka ku Limbe nditatchena suti yotuwa, koma ndinakafika ndikuoneka ngati munthu wochokera koumba njerwa.

Zinali zaka zija matipate itangokhazikika, aliyense wopita ku Joni akubwerako ndi choonetsa. Anzanga ankabwera ndi mawailesi ndi mabulangete. Ine, nditatsuka mbale mu lesitilanti zaka zinayi, ndinabwera ndi galimoto. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yapansipansi ngati kamba, ndipo injini yake ikalira anthu ankatembenuka ngakhale ali pamaliro. Amene anandigulitsa ankachita nayo mipikisano, ndipo anandiuza kuti mphamvu yake yonse imapita ku matayala akumbuyo. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Matayalawo anali otambalala, osalala ngati dazi. Ndinkayesa kuti ndi mmene amawapangira a galimoto zothamanga, osadziwa kuti anali atangotha basi.

Esinati, mkazi wangayo, apo ali chibwenzi chabe, anatsogola kumudzi Lachinayi. Ponyamuka anandichenjeza.

"Ino ndi Januwale. Mukwere basi, mukatsike pa Chiringa, potsalapo mukayende pansi. Dothi la kwathu silidziwa za ku Joni."

Ndinamuyankha kuti munthu wokhala ndi galimoto ngati yanga sakwera basi.

Loweruka m'mawa ndinatenga amalume anga a Jailosi, mkulu wa mpingo, amene anali nkhoswe yanga. Tinadutsa pa boma la Phalombe, phiri la Michesi litafunda mitambo, galimoto ikuvinavina pang'ono m'matako koma ikuyenda. Titapitirira Chiringa tinakhotera m'kanjira ka pakati pa minda ya chimanga ndi chinangwa. Pamenepo panali kachidikha ka makande, dothi lakuda lija limene likanyowa limaterera ngati sopo. Ndinalowamo mwachifumu. Pakati penipeni galimoto inaima.

Ndinachita chimene ndinkadziwa: kuponda moto. Injini inabangula, singano ya liwiro inakwera, koma chimanga cha m'mbali mwa njira chinali pomwepo. Ndinaika giya yobwerera, ndikupondanso. Kumbuyo kunangotembenukira chakumanzere, n'kukhazikika pansi kwambiri.

Amalume anatsika, nanyamula miyendo ya thalauza lawo, n'kukasuzumira.

"Mphwanga, tayala lakumanzere likuzungulira, koma lakumanjali langokhala."

"Ndiye kuti kilatchi yapsa," ndinatero molimba mtima. Ndinatsegula boneti n'kuyang'anamo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno (kilatchi sindinkadziwa n'komwe kumene imakhala). Kenaka ndinasintha maganizo n'kulengeza kuti yafa ndi difu, chifukwa ndi dzina lina limene ndinamvapo kwa amakanika.

Tili choncho panatulukira bambo wina wachikulire akukankha njinga, pakaliyala atamangapo thumba la mpunga. Anavala malaya oyera ositidwa bwino. Anatipatsa moni, nazungulira galimoto yonse mosafulumira, n'kupapasa tayala lakumbuyo ndi chikhatho.

"Achimwene, galimotoyi sinafe. Matayala ndi amene alibe mano, ndipo kumbuyoku kwapepuka. Mukamaponda kwambiri mukungodzikumbira dzenje."

"Madala," ndinatero, "iyi si thirakitala. Ngati mukufuna kuthandiza, ingokankhani."

Amalume anandiyang'ana ndi diso la kutchalitchi, koma bamboyo sanakwiye. Anaimika njinga yake, nakaima kumbuyo pamodzi ndi amalume. Ine ndinalowa, ndinaika giya yoyamba, n'kuponda mpaka phazi linagunda pansi. Pagalasi ndinangoona chimvula chakuda chikukwera m'mwamba. Nditatsika ndinapeza anthu awiri ofanana ngati mapasa, maso okha akuyera. Pothamangira kukapepesa ndinaterereka n'kukhala pansi ndi suti yanga, ndipo podzuka nsapato imodzi inatsalira m'matope.

Bamboyo anapukuta nkhope ndi tsamba la chinangwa, nalavula pang'ono.

"Ndinayendetsa thirakitala m'minda ya tiyi ku Mulanje mpaka tsitsi linachita imvi," anatero. "Difu yanuyo ili bwinobwino. Khalidwe lake ndi lotero: tayala limodzi likaterera, mphamvu yonse imathawira komweko, linalo n'kumangoonerera. Ili ngati munthu waulesi, imasankha kopepuka."

Mukhoza kuganiza kuti apa ndinagonja. Ayi ndithu. Ndinati mwina tingoyesanso kamodzi ndi liwiro lochulukirapo. Amalume anandigwira dzanja n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndikayesanso adzabwerera ku Limbe wapansi, ndikadzifunsire ndekha.

Bamboyo anabwerezanso kachitatu, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani. Ulendo uno ndinamvera. Anaphwetsako mpweya m'matayala akumbuyo ndi kamtengo, kuti agwire dothi ndi thupi lonse. Tinakumba matope kutsogolo kwa matayalawo ndi manja, n'kuyalapo miyala, nthambi ndi udzu. Thumba la mpunga lija analiika m'buti. Ataona kuti kulemera sikukwanira, anapempha amalume kuti akhale momwemo. Mkulu wa mpingo wathunthu anakwera m'buti, miyendo ili lende kunja, atakumbatira chipewa chake.

"Tsopano ikani giya yachiwiri," anatero bamboyo atatsamira pazenera langa. "Kilatchi muisiye pang'onopang'ono. Moto muuponde ngati pansi pa phazi lanu pali dzira la anthu ena. Mukamva tayala likuyamba kuterera, bwezani phazi."

Ndinachita monga ananenera. Injini imene ndinkainyadira kubangula inangong'ung'udza chapansipansi. Galimoto inagwedezeka, inaganizaganiza, kenaka inakwawa n'kutuluka m'dzenjemo mwaulemu. Zinandipweteka mtima kuti zinali zophweka chonchi.

Tili pouma, ndinathokoza ndikuyang'ana pansi, n'kufunsa ngati tingamufikitsire mpunga wake kunyumba.

"Zingathandize," anatero. "Kwathu kukubwera alendo a ku tauni, amayi akudikira kuti aphike. Inu mukupita kwa yani?"

"Kwa a Muhala, amalume ake a Esinati."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda nsapato lija.

"A Muhala ake ndine."

Kuchokera m'buti ndinamva amalume akuusa moyo.

Kumudziko anatilandira ndi ndowa ziwiri za madzi m'malo mwa mipando. Esinati anasuzumira pakhomo la khitchini, nabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anandibwereka malaya a mlongo wake, amene manja ake ankalekezera m'zigongono. Pokambirana ndinakhala pamphasa ndikudikira kuti atibweze. Amalume analankhula zonse zoyenera, koma mawu awo anali ofooka ngati a munthu amene akudziwa kuti waluza kale mlandu.

A Muhala anamvetsera mpaka pamapeto, nalankhulana pang'ono ndi alongo awo m'Chilomwe, kenaka anatembenukira kwa ife.

"Mnyamatayu ndamuona ndekha panjira. Ndi wamakani, ndipo phazi lake ndi lolemera. Koma atauzidwa kachitatu anamva, ndipo anakumba matope ndi manja ake osanyansidwa. Amuna ena pamudzi pano tawauza kakhumi. Timulandira."

Tinakwatirana chaka chomwecho mvula itatha. A Muhala ndi amene anayendetsa galimoto ya akwati, atandikakamiza kaye kugula matayala a mano, ndipo sanapitirire giya yachitatu ulendo wonse.

Kuyambira pamenepo ndikatitimira ndimayamba ndatsika n'kuona tayala limene likuzungulira ndisananamizire difu. Za phazi lokha ndiye sindinganame, limandiyabwabe. Ndikafika pamatope ndimadziuza kuti pansi pake pali dzira, koma mazira amene ndaswa m'zaka zimenezi akanakwana kutsegulira golosale.