Makolo Khumi ndi Usipa wa ku Kande

Lolemba

Sabata ino ndi yomaliza. A Dokotala, amene akundiyang'anira pa digiri yachiwiriyi, alemba pa foni: pofika Lamulungu nditumize mawu ojambula a makolo khumi, aliyense ndi fomu yosaina kuti wavomera. Kupanda apo ndidikira gulu la chaka chamawa. Funso la kafukufuku wanga ndi limodzi: n'chifukwa chiyani ana a pasukulu pathu amajomba usipa ukagwa, ndiye kuti ukamagwidwa wambiri kunyanja?

Zofunika:
mafomu khumi, alipo
foni yodzaza moto
rejisitala ya Sitandade 6, kuti ndisankhe makomo a ojomba enieni
nsapato zoyendera mumchenga

Kuyambira mawa, makomo atatu patsiku tikaweruka. Loweruka kulemba. Mwana wa ku Ntcheu sangagonje ndi tizinthu ngati timeneti!

Lachiwiri

Khomo loyamba, kwa a Nyachirwa, mayi ake a Tiwonge wa m'kalasi mwanga. Moni wokha ndi ulendo: za ine, za ana anga, za ahedi, za mvula ya kwathu. Ine ndikutulutsa fomu, iwo akutulutsa madzi osamba m'manja. Akuti mlendo safunsa mafunso ali ndi njala. Kondowole ndi nsomba ya batala yootcha. Ndadya mpaka kuiwala chimene ndabwerera.

Tikuyamba, koma maso awo ali pa rejisitala imene ndaika pamiyendo. "Tiwonge sanajombepo, asambizi, ngakhale atadwala." Rejisitala ikuti masiku khumi ndi anayi. Fomu akuti asaina bambo akachokera kunyanja.

Makomo: limodzi. Mafomu: palibe. Mimba: tho!

Lachitatu

Mbiri yandipitirira. Akuti ine, wachiwiri kwa ahedi, ndikuyenda ndi buku lochotsera ana sukulu! Khomo lina chitseko n'chotseka koma nyemba zikuwira pamoto. Kwina galu yekha. A Manda, mkulu wa mpingo, avomera kujambulidwa. Avala jekete, ayamika boma, aphunzitsi ndi choko, atseka ndi pemphero. Za kujomba sadamvepo. Za fomu akuti dzina lawo silikwera basi kupita kutauni iwo eni atatsala.

Chokoma n'chakuti lero m'kalasi munadzaza mpaka pakhomo, ndi nkhope zina zimene ndinaziiwala. Ahedi akuti ndiziyenda ndi rejisitala chaka chonse. Ine ndikufufuza za kujomba, ojomba palibe!

Lachinayi

Usipa wagwa! Mantha a rejisitala atha tsiku limodzi. M'kalasi mabenchi akupuma.

Tikaweruka ndikutsikira kudoko, rejisitala ndaisiya dala. Makolo anga onse khumi ali pomwepo, pa mathandala oyanikira nsomba. Ndisanatsegule pakamwa a Nyachirwa andipatsa beseni. "Ama, gwirani apa, dzuwa likuthawa." Chikwama changa, muli foni ndi mafomu, achikoleka mumtengo.

Tikuyanika, ndipo opanda kufunsidwa akulankhula:
usipa ukachedwa kuyanikidwa umawola tsiku lomwelo, ndiye dzanja lililonse ndi lofunika
yunifolomu ya Tiwonge, makope ake ndi sopo, zonse zimachokera pa thandala lomweli
mwana akajomba mtima umawawa, koma sukulu imatsegula mawanso, pomwe usipa sulonjeza za mawa

Zaka ziwiri ndikuwerenga mabuku, palibe anandiuza zimenezi. Ndikuthamangira foni, ndikuti abwereze ndijambule.  A Nyachirwa, mwaulemu: "Ana athu sajomba."

Lachisanu

Nzeru yatsopano: kulawirira kudoko, asaine msanga, belu lisanalire ndikhale ndili pasukulu. Ndikupeza maboti akukocheza odzaza. Beseni lija landipezanso. Limodzi lokha, ndikutero. Beseni lachiwiri. Lachisanu ndi chimodzi.

Podzutsa mutu dzuwa lili pamwamba. Pambali panga Tiwonge ndi theka la kalasi yanga, akuyanika mwaluso kuposa ine. "Madamu, inunso simunapite?"

Foni mumtengo muja, ahedi aimba katatu. Zaka khumi ndi zisanu za uphunzitsi, lero ndajomba. Ndipo, Mulungu andikhululukire, ndinali wosangalala.

Loweruka

Ndalemba masamba asanu ndi limodzi a zimene ndinamva pa thandala. Ndakwera mpaka kumsewu kufuna netiweki, ndatumiza. A Dokotala ayankha msanga: sindinalembepo zabwino chotere, koma popanda mafomu ndi mawu ojambula, ku yunivesite zimenezi ndi nkhani zocheza basi.

Ndikuthamanga khomo ndi khomo. Onse apita kukagulitsa, ena ku Chintheche, ena ku Mpamba. Ndabwerako ndi mchenga m'nsapato. Pakhonde panga ndapeza mbale ya usipa wofutsa, wosiya sakudziwika. Ndi tomato ndi anyezi, palibe chofanana nawo!

Lamulungu

Kutchalitchi onse khumi alipo, ochapa bwino. Potuluka a Nyachirwa akundigwira dzanja. Akuti akambirana, tsopano andidziwa, munthu wosenza nawo beseni sangachotse mwana sukulu. Asaina onse, ndipo alankhula zoona pa foni.

Mafomu ndawasolola m'Baibulo pomwepo, cholembera m'manja!

"Lero ndi Sabata, ama," akutero a Manda. "Sitigwira ntchito. Mawa."

Ndikuyamba kufotokoza kuti mawa n'kuchedwa, koma azimayi onse akundiyang'ana, ndipo inenso ndine wa Mvano. Cholembera chabwerera m'chikwama.

Ndalembera a Dokotala kuti andiike pa gulu la chaka chamawa. Anzanga adzavala magauni ine palibe, ndipo zikundiwawa, sindibisa. Ndalira pang'ono, kenako ndatenthetsa usipa wa dzulo. Chaka chamawa makolo khumi ndili nawo kale. Thandala lachitatu kuchokera pamtengo akuti ndi langa, koma ndizibwera tikaweruka.