Mbira Zakuda Zanga

Lolemba
Dzina langa silinatulukenso pa makuponi. Fodya wayamba chikasu. Koma sindigwadira munthu. A Nkhoma, aphunzitsi a sayansi ku Mtunthama, akufuna ana a mbira asanu ndi mmodzi, akuda bii opanda banga, andipatse thumba la feteleza. Ndili nazo: yaimuna imodzi, zazikazi zitatu, zonse zakuda ngati makala. Miyezi iwiri ndi theka zili m'khola la loko, kiyi ali pakhosi panga. Chakuda chimabala chakuda, basi. Ndinawauza zomwezo amake Tadala tsiku limene anandiberekera mwana woyera ife tonse tili akuda. Ndinawatumiza kwawo, anakakhalako chaka chathunthu.

Lachiwiri
Yoyamba yaswa atatu. Wakuda mmodzi. Winayo wofiira psuu. Wachitatu mutu wakuda, thako loyera, ngati wakhalira ufa. Ndayang'ana loko, ali bwinobwino.

Lachitatu
Ndazungulira khola kufuna pobooka. Palibe. Oganiziridwa:
mbira yofiira ya a Banda oyandikana nafe,
khoswe,
anthu ansanje.
A Banda akuti, "Yanga ija tinadya pa Isitala, achimwene." Ndadzichotsa ulemu chabe.

Lachinayi
Yachiwiri yaswa awiri, onse mawangamawanga. Zoona zimenezi? Udzu wonse ndakhala ndikuzimwetera uja! Amake Tadala akusenda chinangwa, akuimba nyimbo ya kwaya. Sanafunse kanthu. Kusafunsako ndiye kukundiwawa.

Lachisanu
Yomaliza yaswa mmodzi yekha. Woyera mbee, maso ofiira. Ndayesa kupaka mwaye wa m'chigafa pa amawanga aja. Amayi awo awanyambita, pofika masana mawanga abwerera.

Loweruka
Ndapalasa njinga mpaka ku Mtunthama, katoni kumbuyo. A Nkhoma aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mtundu umabisala m'magazi, umatha kudumpha makolo nkukatulukira kwa adzukulu. Akuti, "Ngakhale kwa anthu zimatero, bambo." Ndani wawafunsa za anthu? Atenga wakuda yekhayo, andipatsa feteleza wa m'mbale. Pobwerera ndakumbukira agogo anga obala mayi. Anthu ankawatcha Nachizungu. Njinga ndachita kukankha.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Feteleza wa m'mbale wathera mizere iwiri, kwinako ndathira ndowe za mbira zomwezo. Fodya wa chaka chino wapita.

Tadala wanyamula kambira koyera kaja, akuti, "Ababa, aka ndi kanga, kakufanana ndi ine."

Amake aima pakhola, ayang'ana loko, ayang'ana pakhosi panga. Akuti, "Nanga zazikazizi muzitumiza liti kwawo?"

Ndavula kiyi, ndamupatsa Tadala. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo lero ndi loyamba kumuyang'anitsitsa kumaso. Mphuno ndi ya agogo anga.