Tchimo la Bonifasiyo Lasowa

Lolemba

Nkhani yafika ndi mayi a Felista: ankhoswe a Bonifasiyo akubwera Loweruka kudzafunsira mwana wanga. Bonifasiyo uja, enferimeru, namwino wa pa posito, kachipatala kathu pano pa Chidzolomondo, amene amanena dzuwa likuswa mtengo kuti Mulungu kulibe! Ine mkulu wa mpingo, mkamwini wotere?

Kungokana sindingathe. Akazi anga akumufuna, Felista ndiye osanena. Ndipo ukakana munthu wa boma chifukwa cha mapemphero, mawa lake sekeretariyu wa chipani wakuitana. Pakufunika tchimo looneka ndi maso.

Si nkhani yovuta. Munthu wosaopa Mulungu chingamuletse n'chiyani? Ndalemba pofufuza:
1. mowa
2. nzeru zake za anyani
3. kuba
4. mantha, poti mfuti zikalira aliyense amapemphera

Pofika Loweruka ndikhala nalo m'manja. Puronto, basi!

Lachiwiri

Mowa. Ndikutsika kudambo kwa Nachisale wotcheza kachasu, chipewa ndagwetsera kumaso. Moyo wanga wonse sindinapondeko pamenepa. Ndikulawa pang'ono, kungoti ndidziwe ngati sanathire madzi. Ndikulawanso, poti koyamba sikunamveke bwino.

Ku posito ndikumupatsa Bonifasiyo galafa lonse la kachasu. Maso ake mbee! Mtima wanga ukuvina: nsomba yadya nyambo.

"Obirigadu, bambo! Mankhwala otsukira mabala anatha kalekale, ndipo msewu wa ku Furancungo galimoto sizikudutsa."

Akutsuka nawo chilonda cha nkhalamba ina ine ndikuona. Nkhalamba ikukuwa, kachasu akuthera pansi. Pakamwa pake osagwera ngakhale dontho.

Pobwerera ndakumana ndi mayi Nangozo, a kumpingo. Andipatsa moni ataima pafupi kwambiri, mphuno zikugwira ntchito.

Lachitatu

Anyani. Ndamuitana kumunda wa m'phiri, kumene atha chimanga mizere isanu ndi umodzi. Pulano: ndimulozere nyani, ndimuuze kuti alankhule ndi agogo ake asiye kuba. Aphedwe ndi manyazi pamaso pa Felista.

Sakukwiya n'komwe! Akuti si agogo, ndi asuweni: ife ndi iwo tinachokera kwa kholo limodzi kalekale, mapiri awa asanakhale momwe alilimu. Akuti palibe anatiumba ndi dothi, zinangosintha pang'onopang'ono. Dzuwa, mvula, malungo, zonse zili ndi chochititsa chake, ndipo chimene sakuchidziwa amangoti sakuchidziwa.

Ndikumufunsa kuti anaziona ndi maso ake? Akuti ayi, anawerenga. Ndiye tafanana, nanenso Adamu sindinamuone.

Apa Felista, mwana amene ndinamulera ndi manja awa, akutsegula pakamwa: "Koma bambo, ife a Soko paja sitidya nyani chifukwa chiyani?"

Chiwongo chathu n'chimenecho, ndipo malemu bambo anga ankati nyani ndi wathu, ukadya mano amaguluka. Ndayankha kuti zimenezo n'zina. Zina bwanji, sindikudziwa. Nyani wamkulu wakhala pamwala, chisononkho m'manja, akutiyang'ana tonse ngati wabwera kumsonkhano wa banja.

Lachinayi

Kuba. Masiku ano mchere ndi wosowa kuposa nsapato. Mayi a Felista ali ndi kaphukusi kamene anakazembetsa kuchokera ku Malawi, amabisa mumphika wosweka. Ndakabwereka osawauza. Ndakasiya pakhonde la posito, ine ndabisala kuseri kwa muwanga.

Zimene ndapeza kuseri kwa mtengo:
nyerere
msana
mwana wa mbuzi wofuna kudya jekete

Bonifasiyo akutuluka, akutola, akununkhiza. Tenga, mwana iwe, tenga! Watenga. Aleluya! Ndikumutsatira chapatali. Akudutsa pa sikola, akudutsa pachitsime, akukhotera... kwanga. Wazindikira kansalu kokulungira, n'kachidutswa ka chitenje cha mayi a Felista.

Zimene anena akazi anga sindilemba, kadeluno kolembamo aka n'ka Mkhristu. Chachikulu: wakuba wapezeka ndithu, ndipo amagona m'nyumba muno.

Madzulo ndikumufunsa kuti osangotenga bwanji, poti kumwamba kulibe wokuona.

"Nsapato zanu zimaonekera kuseri kwa mtengo, bambo. Komabe mukanapanda kukhalapo, mwini mchere akanalira chimodzimodzi. Zimenezo sizisowa wa kumwamba kuti andiuze."

Ndafufuza m'mutu vesi yomutsutsa nayo. Zonse zimene zabwera zikugwirizana naye. Zandinyansa kwambiri.

Lachisanu

Mantha ndinalibe nawo pulano. Abwera okha.

Dzuwa lili pamutu, mfuti kumsewu: phuu! phuu! Anyamata a m'tchire, zigawenga! Mudzi wonse balala, kuthawira kukhwawa. Mwendo wanga wa nyamakazi uja wachira pompo. Woyamba kufika m'khwawa ndine.

Bonifasiyo akufika womaliza, atabereka mayi wina amene chipolopolo chamulasa ntchafu. Akumugoneka pambali panga. Ndikutchera khutu: tsopano timva, atchula dzina la Yesu basi. Milomo ikunjenjemera, mano gwedegwede, thukuta kamukamu. Akunong'ona! Ndikusendera pafupi. Akuwerenga kugunda kwa mtima wa mayiyo: "um, doyishi, tereshi."

Ndikumuuza kuti apemphere, sindiuza munthu.

"Ndikuopa zedi, bambo. Ine moyo ndi uno wokha, ndikafa kwatha. Pempherani inuyo, koma dzanja limodzi mukanikize apa."

Ndapemphera ndi dzanja limodzi. Magazi aleka. Ine ndikuti ndi pemphero, iye akuti ndi dzanja.

Mantha alidi nawo, ndalemba. Koma potukula mutu ndikuona Felista ali kumbuyo kwake, wanyamula nsalu zomangira mabala. Anali kuchitsime pamene zimayamba, ndipo Bonifasiyo anadzera komweko kukamutenga. Ine sindinacheukeko. Kufikira nthawi imeneyo sindinadzifunse kuti mwana wanga ali kuti.

Palibe wafa. Atenga mbuzi ndi chimanga, apita.

Loweruka

M'mawa: akulu anzanga a mpingo andiitana. Mphuno za mayi Nangozo zapereka umboni. Nachisale naye wavomera, wawonjezanso kuti ndinalawa katatu. Kawiri! Andidula: Mgonero osayandikira, ukulu ndatula.

Masana: ankhoswe afika wapansi, podzera njira za m'tchire. Wotsogolera ndi malume ake a Bonifasiyo, bambo aulemu, korona wa mapemphero ali m'khosi. Kani kwawo onse ngopemphera, wosokera ndi iye yekha!

Ndakonzeka kukana, ngakhale ndilibe chogwira. Ndisanatsegule pakamwa, malumewo akutsokomola, akuyang'ana nkhoswe wathu:

"Pepani, tamva zinthu m'njiramu. Akuti bambo a mtsikana ngakachasu, amaba mchere wa akazi awo, amabisala kuseri kwa mitengo, ndipo mpingo wawadula lero lomwe. Mwana wathu alowe banja lotere?"

Iwo kukayikira IFE!

Ayamba kutola ndodo zawo. Felista akulira kuseri kwa nkhokwe. Bonifasiyo, amene mwamwambo sayenera kulankhulapo, wagwada pakhomo: akuti kachasu anali wa odwala, akuti dzulo ndinagwira bala la mayi uja osatopa, akuti ndine munthu wabwino wongokonda mwana wake mopitirira. Bodza sananenepo ngakhale limodzi, wangosiya zina. Ndamvetsera bwinobwino kuti ndimugwire.

Ankhoswe akhalanso pansi. Mapeto ake wopempha kuti ukwati uchitike ndakhala ine.

Lamulungu

Mpando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala odulidwa. Kumazizira, ndipo ulaliki umamveka theka. Mbale ya Mgonero yandidutsa ngati sindikudziwana nayo.

Pa chitseko ndikumuona Bonifasiyo ali panja patsinde la mtengo, waperekeza Felista ndipo akumudikira. Sakulowa. Sanamizire n'komwe kuti tsiku lina adzalowa. Banja limodzi, amuna awiri osadya Mgonero, ndipo wodulidwa chifukwa cha zochita zake ndi mmodzi.

Za anyani akulakwa. Za kumwamba akulakwa kwambiri, ndipo zikundipweteka, chifukwa ndayamba kumukonda ndipo sindikudziwa kuti tsiku lomaliza akaima kuti. Ndamutchula m'pemphero. Ndamuuza potuluka, wati zikomo.

Felista ndamupereka. Nkhondo ino siikutha mawa, mfuti zidzaliranso, ndipo ndikudziwa amene adzayambe wathamangira kuchitsime. Si ine.