Kompyuta Iyimbe pa Chinkhoswe cha Agnesi

Lolemba
Ndalonjeza kale, basi. Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wanga Agnesi mu holo ya parishi, ndipo akuchimuna a ku Mvera ndawauza kuti asavutike ndi wailesi: kompyuta ya mu ofesi iyimba. Makiyi a ofesiyo ndimasunga ndine, wosesa ndi wotayipa. Vuto: kompyutayo sinatulutsepo mawu.
Abwera a Kabeya, okonza makompyuta a ku Dzaleka. Akuti mkatimo muli kenelo, yolamula zonse, ndipo sipika zimafuna kachidutswa komanga tokha, dzina lake mojulo. "Papa, mojulo ifanane nambala ndi kenelo imene ikuyenda. Apo ayi, imakana." Aikamo kenelo yatsopano, akonza zoti mojulo ikakhalapo izilowa yokha poyatsa, nyimbo n'kuyamba. Asanamange, magetsi thi! Athamangira matola. "Mawa muyatse, musakhudze kanthu. Mulembe mawu a Chingerezi awa: make kuti mojulo imangike, kenako insmod kuti ilowe."

Lachiwiri
Ndayatsa. Pagalasi pali makenelo awiri: yaing'ono yobadwa dzulo, 2.4.20, ndi mkulu wake, yakale ija 2.4.18. Makinawo akuthamangira kusankha yaing'onoyo. Mwano! Yaikulu yatumikira Abambo Mfumu nthawi yonseyi, lero tiidumphe ngati sitikuiona? Ndadina yaikulu msangamsanga.
Make: zilembo zikutsika ngati linthumbu. Kukongola kwake! Insmod: yakana.

Lachitatu
Zimene ndachita:
kupukuta fumbi, ndi kuseri komwe
kusintha nsalu yovundikira
kukweza sipika mpaka pomaliza
kumanganso mojulo, nditasamba m'manja
Yakanabe. A hedimasitala a pasukulu ya parishi awerenga Chingerezi cha pagalasi: "Akuti sakugwirizana." Ndani ndi ndani? Sanandidikire, belu linalira.

Lachinayi
Mayi a kunyumba: "Bambo a Agnesi, kabwerekeni wailesi kwa a Chisale, musatichititse manyazi." Wailesi yomanga ndi mphira ija? Ayi!
Chakudya sichikulowa.

Lachisanu
Ndatuma uthenga ku Dzaleka kudzera mwa mayi wogulitsa tomato. Yankho: "Mwakhudza chiyani?" Ine? Palibe! Kungopatsa ulemu wamkulu, n'kukhudza kumeneko?
Sipika ndaziika pawindo, kuloza ku holo ndi ku tchalitchi. Mwina mawa kompyuta imva chisoni.

Loweruka
Holo yadzaza. Ndayatsa, ndasankha yaikulu, insmod. Zii.
Ankhoswe akuchimuna: "Achimwene, yayamba kale, kapena ndi nyimbo ya mumtima?"
Amayi a kwaya atola ng'oma ziwiri ndi chidebe, fumbi koboo. Agnesi akuvina uku akuseka mpaka misozi, akundiloza ndi mlomo. Chinkhoswe chayenda bwino kwambiri, akutero onse. Asewere anga ayamba kunditchula "a Injiniya". Kompyuta ndayiwala kuzimitsa.

Lamulungu
Misa. Magetsi azima, n'kuyakanso pamene Abambo ali pakati pa ulaliki; kompyuta nayo yayaka yokha. Mu ofesi mulibe munthu wosankha, makina atenga yaing'ono ija. Mojulo yalowa. Rumba la ku Kongo, sipika zili pomaliza! Agogo ena kumbuyo ayamba kugwedeza mapewa. Makiyi akana kutuluka m'thumba.
Abambo: "Tidikire a Injiniya."
Ndiye kuti mojulo yanga inali yabwinobwino kuyambira Lachiwiri, ndinkangoipereka kwa mwini wolakwika. Chabwino. Mawa ndisiya yaing'ono ilamule. Koma yaikuluyo ndiyamba ndaipepesa.