Chitseko cha Akuluakulu Awiri

M'mudzi wina, umene dzina lake tilisunge poopa milandu, munali holo ya chitukuko yokhala ndi chitseko chimodzi cha mlombwa ndi atsogoleri awiri.

A Chikhadwe anali Wapampando Wamkulu wa Komiti Yoyang'anira Makomiti Onse. Anzawo, a Mankhusu, anali Mlangizi Wamkulu wa Wapampando Wamkulu, udindo umene eni ake ankauona woposa, poti wolangiza ndiye wodziwa. Tsiku lililonse la msonkhano awiriwa ankaima pakhomo, aliyense kukana kulowa pambuyo pa mnzake, mpaka dzuwa kupendeka, anthu n'kubalalika. Mlatho wa pamtsinje unagwa, msonkhano wake osachitika. Ana ankawoloka kupita kusukulu mabuku ali pamutu.

Nkhaniyi inkawadya mumtima a Chikhadwe, makamaka poona kuti anthu ayamba kuwapatsa moni osavula chipewa. Atalingalira mozama, anapeza nzeru: atambala awiri salira m'khola limodzi, koma palibe mwambi wowaletsa kulowamo nthawi imodzi. Anaitanitsa a Sitima, kalipentala wa m'mudzimo.

"Chitsekochi muchidule pakati, zikhale ziwiri. Chakumanja changa, chakumanzere cha a Mankhusu."

"Nanga felemu tikulitse, bwana?"

"Komiti yavomereza za chitseko. Za felemu zifunika komiti ina."

A Sitima anapitapo ndi sowo, nakhoma mahinjesi mbali zonse ziwiri, loko aliyense wakewake. A Mankhusu anayamba akana mbali yakumanzere, koma mtima unakhala pansi atawafotokozera kuti kwa munthu amene ali m'kati, kumanzereko ndiko kumanja.

Tsiku lotsegulira, anthu wamba anawalowetsera pawindo kuti pasapezeke woponda pakhomo akuluakulu asanaponde. Ng'oma italira, a Chikhadwe ndi a Mankhusu anakankha aliyense chitseko chake, naponya mwendo limodzi. Koma khomo linali lomwe lija, ndipo mimba zinali zoleredwa ndi misonkhano ya m'mahotela. Anangoti gwa, kuthinana pakati pa felemu, mitu m'holo, matako panja.

A Chikhadwe anamva mpweya ukuchepa, batani la malaya likuthawa.

"A Mankhusu," ananong'ona, "tabwererani m'mbuyo pang'ono."

"Mlangizi sabwerera m'mbuyo. Ndikukulangizani kuti mubwerere ndinu."

Amayi ena anabweretsa mafuta ophikira kuti awadzoze m'nthiti, koma panabuka funso la amene ayambe kudzozedwa, ndipo mafutawo anabwerera kwawo. Anthu a m'holo, poona kuti mitu ya atsogoleri ili m'kati, anati msonkhano wakwana. Anagawana ntchito ya mlatho, wina mitengo, wina miyala, natulukira pawindo pomwe paja. A Chikhadwe anayesa kukweza dzanja kuti atsutse, koma dzanjalo linali litapanikizika kunkhwapa kwa a Mankhusu.

Chakumadzulo kunatulukira galimoto. Munali bwana wa kuboma woyendera zitukuko, amene kwa zaka zambiri ankangolandira madandaulo a mudziwu. Anatsika, nayang'ana atsogoleri awiri ataima phewa ndi phewa, thukuta likuyenderera limodzi, ndipo anapukuta msozi.

"Umodzi wotere sindinauonepo," anatero. "Musawasokoneze."

Anawajambula chithunzi chakumbuyo, nakwera galimoto. Sabata isanathe, lamulo linatuluka loti zitseko zonse za m'bomalo zidulidwe pakati.